Kasitomala Akabweza Mawu: Zoyenera Kuchita Mmisiri Ntchito Ikaimitsidwa

Mmisiri aliyense amene amadzigwirira yekha ntchito, kaya ndi kalipentala, pulambala, wowotcherera, wamagetsi, telala kapena wopenta nyumba, amalidziwa liwu la kasitomala amene akufuna kubweza mawu. Akaimba foni m'mawa, moni wake amatalika kuposa masiku onse, kenako mumangomva kuti, "Pepanitu amisiri, kuno kwagwa kavuto pang'ono." Inu mwadzuka kale, zida zili m'chikwama, mnyamata wokuthandizani ali m'njira, ndipo dzana munakana ntchito ina chifukwa tsiku la lero linali ndi mwini wake. Munthu wolembedwa pakampani zoterezi zikamuchitikira amalandirabe malipiro mwezi ukatha. Inu mumangotsala ndi tsiku lopanda kanthu.

Ndagwira ukalipentala nthawi yaitali, ndipo ndaona kuti vutoli lili ndi nkhope zochepa zomwe zimangobwerezabwereza. Ndaonanso kuti ntchito zambiri zimayamba kufa tsiku limene munagwirizana, pamene simunalembe kalikonse, simunatenge dipoziti, ndipo tsiku loyamba ntchito munangoti "chakumapeto kwa sabata ya mawayi". Foni ya m'mawa ija imangobwera kudzalengeza maliro. Pansipa pezani chizindikiro chofanana ndi chimene chikukuchitikirani. Pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi chifukwa chimene chimachitika kawirikawiri, n'kumatsika mpaka chimene chimachitika mwa apo ndi apo.

## Musanayankhe kalikonse

Mtima ukali m'mwamba musalembe uthenga. Paja ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsogolera, ndipo mmisiri amadya chifukwa cha zimene anthu amauzana za iye. Khalani pansi kaye, muone zinthu zitatu:

- Muli ndi chiyani cholembedwa? Kotesheni (pepala lonena ntchito ndi mtengo wake), risiti, ngakhale uthenga wa pa WhatsApp pamene kasitomala analemba kuti "chabwino, bwerani Lachiwiri", zonsezi ndi umboni. Jambulani mauthengawo ndi kuwasunga pena, popeza uthenga umatha kufufutidwa ndipo foni imatayika.
- Mwalowetsamo kale zingati? Lembani zipangizo, thiransipoti, malipiro a wokuthandizani ndi maola amene mwagwira kale.
- Kodi tsikulo likhoza kudzazidwa ndi ntchito ina? Ngati likhoza, imbani foni zimenezo poyamba. Zokangana ndi kasitomala zidikira, koma tsiku silidikira.

## Chizindikiro choyamba: amaimitsa usiku woti ntchito ndi mawa, kapena m'mawa wa tsiku lomwelo

1. Ndalama sizinapezeke. Ichi ndiye chifukwa chachikulu, koma ndi anthu ochepa amene amachinena poyera. Munthu amachita manyazi kunena kuti ndalama imene ankayembekezera sinalowe, ndiye amangoti wachokapo mwadzidzidzi kapena kwabwera alendo.

- Poyesa: funsani modekha kuti, "Kodi tingayambe ndi mbali imodzi yokha, inayo tidzamalize mtsogolo?" Mukamva liwu lapepuka, dziwani kuti vuto ndi ndalama.
- Pokonza: gawani ntchitoyo m'zigawo zimene angathe kulipira, ndipo tsiku latsopano mulipereke pokhapokha dipoziti italowa.

2. Wapeza mmisiri wina wotchipa. Zizindikiro zake zimaoneka msanga. Anakupemphani kuti mumulembere chilichonse, kuchuluka kwa matabwa, miyeso, mtundu wa misomali, kenako anangoti zii kwa masiku angapo. Pepala lanu lija analitenga n'kukalionetsa kwa anzanu atatu kuti alipikisane.

- Poyesa: mufunseni mwaulemu ngati walandira mtengo wina. Ambiri amavomera.
- Pokonza: musatsitse mtengo pa foni chifukwa cha mantha. Ngati mukutsitsa, chotsaninso kanthu pa ntchitoyo, kaya ndi mtundu wa zipangizo kapena mbali ina, kuti adziwe kuti mtengo woyamba sunali wongonamizira. Mtsogolo, kotesheni yaulere ikhale ndi mtengo wonse ndi zimene mudzachite, koma miyeso yatsatanetsatane ndi mndandanda wa zogula muzipereka akalipira dipoziti.

3. Amene munagwirizana naye si mwini mawu omaliza. Mayi wa pakhomo wavomera, bambo atabwera madzulo wakana. Kapena wochita lendi wakuitanani kuti mubowole khoma, mwini nyumba n'kuletsa.

- Pokonza: tsiku lokayeza ntchito funsani kuti, "Kodi pali winanso amene ayenera kuona mtengowu tisanapangane tsiku?" Funso limeneli silinyoza munthu. Ngati nyumba ndi yalendi ndipo ntchito ikukhudza khoma, denga, mapaipi kapena mawaya, musayambe mwini nyumba asanavomere, makamaka molemba.

4. Waiwala, kapena anamva tsiku lina. Mukanena kuti "Lachinayi" popanda deti, wina amamva Lachinayi la sabata ino, wina la sabata ya mawa.

- Pokonza: lembani tsiku, deti ndi nthawi mu uthenga umodzi. Kukatsala maola 48 tumizani chikumbutso chokhala ndi funso lofuna yankho, monga ili: "Mwaswera bwanji mayi, ndikukumbutsani kuti ndikubwera Lachinayi pa 14, nthawi ya 8 koloko m'mawa. Kodi ndidzapeza ndani pakhomo?" Munthu amene akufuna kuimitsa ntchito amaululira pa uthenga umenewu, mukadali ndi masiku awiri opezera ntchito ina. Akapanda kuyankha, imbani. Akapandanso kuyankha foni, musanyamuke.

5. Tsoka lenileni. Matenda, maliro, ngozi. Izi zimachitikadi, ngakhale si kawirikawiri monga momwe zimatchulidwira. Pepesani, sunthani tsiku, ndipo musalipiritse kanthu pa tsiku lotayikalo. Musayesenso kufufuza ngati n'zoona. Mukalakwitsa n'kukayikira munthu amene waferedwadi, banja lonselo silidzakuitananinso.

## Chizindikiro chachiwiri: mwafika pakhomo, palibe munthu, foni sikuyankhidwa

Zifukwa zake, kuyambira chofala: waiwala, akukuthawani chifukwa anachita manyazi kuimitsa ntchito, wachedwa kwinakwake ndipo foni yatha moto, kapena mwasochera, mwaima pa nyumba ina.

- Onetsetsani kaye kuti muli pamalo oyenera.
- Imbani kawiri, kenako lembani uthenga wonena nthawi imene mwafika ndi nthawi imene munyamuke. Mphindi 30 ndi zokwanira.
- Jambulani chithunzi cha geti kapena chitseko. Foni imasunga nthawi imene chithunzi chajambulidwa.
- Musalowe ngakhale geti lili lotsegula, ndipo musayambe ntchito chifukwa mlonda kapena mwana wanena kuti "yambani, akubwera". Chinthu chikasowa m'nyumbamo, dzina loyamba kutchulidwa lidzakhala lanu.

Akadzaimba kupepesa, mukhoza kupangana tsiku lina, koma ulendo woyamba uja aulipire musanabwerenso. Amene wakana kulipira thiransipoti ya ulendo umene anakuyendetsani pachabe adzavutanso pa malipiro aakulu.

## Chizindikiro chachitatu: waimitsa mutagula kale zipangizo

Apa ndi pamene pamapweteka. Ine zinandionekera pa kabati ya zovala. Bambo wina anafuna kabati yolowa ndendende m'kampata ka pakhoma la kuchipinda kwake. Khomalo linali lopendekeka, kumwamba kopapatiza kusiyana ndi kumunsi ndi masentimita pafupifupi 3, ndiye ndinadula mabodi motsatira kupendekekako. Tinangogwirana chanza, anali munthu wooneka bwino, wolankhula mwaulemu, ndipo ndinachita manyazi kutchula dipoziti. Nditamaliza kudula ndi kulumikiza, anandiuza kuti asamuka m'nyumbamo. Kabati ija inakhala pakona pa malo anga ogwirira ntchito miyezi yambiri, ikusonkhanitsa utuchi. Aliyense wobwera ankaisirira, koma akaiyang'ana bwino ankafunsa kuti, "Bwanji mbali iyi yapendekeka?" Mapeto ake ndinaiphwasula n'kupanga mashelefu. Madzi akatayika saoleka, thabwa likadulidwanso silibwerera kusitolo.

1. Munagula ndi ndalama zanu popanda dipoziti. Kasitomala amene sanaikepo kanthu saona chimene akutaya akaimitsa ntchito.

- Pokonza: dipoziti ikhale yokwanira kugula zipangizo zonse za gawo loyamba la ntchito. Musagule kanthu isanalowe. Mawu oti "gulani, ndikubwezerani mawa" musawalandire ngakhale kwa mbale wanu, makamakanso kwa mbale wanu.

2. Dipoziti inalipo koma inali yochepa. Munatenga kandalama kongosonyeza kuti mwagwirizana, zotsalazo n'kuwonjezera nokha.

- Pokonza: werengerani dipoziti kuchokera pa mtengo wa zipangizo, osati kungotchula chiwerengero chimene chikumveka bwino m'khutu.

3. Munagula msanga kwambiri. Ntchito ndi ya mwezi wa mawa, inu mwagula lero poopa kuti mitengo ikwera. Pa masabata anayi zambiri zimasintha pakhomo pa munthu. Simenti nayonso siyembekezera: ikakhala pachinyezi imaumbika miyala m'thumba momwemo.

Zikachitika kale, gawani zimene munagula m'milu itatu:

- Zobwezeka kusitolo: zosatsegula, zosadula, risiti ilipo. Pitani nazo msanga, popeza masitolo ambiri amene amalandira katundu wobwezedwa amaika malire a masiku, ndipo ena amadulapo kenakake. Chimene adulacho chilowe pa ngongole ya kasitomala.
- Zogwira ntchito kwina: misomali, mawaya, mapaipi a saizi wamba, penti yoyera. Izi sungani, ndipo musamulipiritse kasitomala zinthu zimene mukagwiritse ntchito kwa munthu wina n'kulipidwanso. Kumeneko ndi kudya pawiri.
- Zopangidwira iye yekha: thabwa lodulidwa pa muyeso wake, galasi lodulidwa, penti yosakanizidwa mtundu umene anasankha, geti lowotcheredwa pa mpata wa pakhomo pake, nsalu yodulidwa pa thupi lake. Izi alipire, ndipo akalipira ndi zake, mupatseni atenge.

Mulembereni mndandanda umenewu pamodzi ndi zithunzi za marisiti. Munthu amakana msanga chiwerengero chongotchulidwa pakamwa, koma akaona risiti amayamba kufunsa kuti alipire bwanji.

## Chizindikiro chachinayi: wakuimitsani ntchito ili pakati

Denga lachotsedwa theka, matailosi aikidwa chipinda chimodzi, mapaipi ali pamtunda, ndiye mwini wake akuti, "Basi amisiri, siyirani pomwepo."

1. Ndalama zamuthera. Poyesa: onani ngati malipiro a gawo lapitalo anachedwa kapena anabwera moduladula. Pokonza: gwirizanani malo abwino oimira, pamene nyumba ingakhalike popanda ngozi, alipire mpaka pamenepo, ndipo lembani kuti zotsalazo zidzawerengedwanso mtengo tsiku loyambiranso, poti zipangizo zimakwera.

2. Sakukhutira ndi ntchito yanu koma sananene. Anthu ambiri amaopa kudzudzula mmisiri pamaso. Amangoyang'ana, n'kumadandaula kwa ena madzulo. Poyesa: kumbukirani ngati anayamba kuima pafupi nanu nthawi yaitali, kujambula zithunzi, kapena kubweretsa munthu wina kudzaona. Pokonza: mufunseni kuti akuonetseni ndi chala pamene pakumuvuta. Tengani levulo ndi tepi, muyeze pamodzi. Ngati palakwikadi, vomerani ndipo pemphani mpata wokonza ndi ndalama zanu. Pempholi mulilembenso mu uthenga, chifukwa nkhani ikadzafika patali funso limodzi limene lidzafunsidwe ndi loti kodi mmisiri anapatsidwa mpata wokonza kapena ayi.

3. Zowonjezera zakweza mtengo. "Poti muli pompano, tationeraninso chitseko ichi." Lero chitseko, mawa zenera, mkuja shelefu. Inu mukuwerengera mumtima, iye akuganiza kuti ndi chithandizo chaulere. Tsiku limene mwatchula chiwerengero chatsopano, iye akudzidzimuka n'kuimitsa zonse. Pokonza: chowonjezera chilichonse chitchulidwe mtengo musanachigwire, ndipo avomere mu uthenga, ngakhale wa mzere umodzi.

4. Mkangano umene sukukukhudzani. Banja lasemphana, abale akulimbirana nyumba, mwini nyumba ndi wochita lendi ayambana. Musatenge mbali ndipo musanyamule mawu kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Ngongole yanu ili kwa amene munagwirizana naye.

Chifukwa chikhale chilichonse, musanachoke pamalopo chitani izi:

- Siyani malo opanda ngozi. Mawaya a magetsi atsekedwe bwino kunsonga ndipo mzere wosamalizidwa uzimitsidwe pa bokosi lalikulu, mapaipi otseguka atsekedwe, dzenje livundikiridwe, denga lotseguka lifunditsidwe. Mwana akavulala pamalo amene munasiya, mkwiyo wanu sudzakhala chifukwa chomveka.
- Jambulani zithunzi ndi vidiyo za ntchito yonse monga momwe ilili, pafupi ndi patali. Mmisiri wobwera pambuyo panu akadzaononga, zithunzizi ndi zimene zidzakuyankhulireni.
- Yezani zimene mwamaliza, makamaka mwini wake ali pomwepo, n'kulemba: mamita angati, zitseko zingati, zipinda zingati.
- Nyamulani zida zanu zonse tsiku lomwelo. Zida zosiyidwa pakhomo pa munthu amene mwasemphana naye zimasanduka chikole.
- Musazule zimene mwaika kale. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kukachotsa mawindo kapena sinki imene sanalipire. M'malamulo a mayiko ambiri, chinthu chikamangiriridwa ku nyumba chimawerengedwa ngati mbali ya nyumbayo, ndipo kulowa pakhomo pa munthu kukachizula kukhoza kukusandutsani wolakwa pa mlandu wolowa popanda chilolezo kapena woononga katundu, inu amene munali wodandaula.

Kuti zisadzakupwetekeninso chotere, ntchito yaikulu muzilipiritsa m'zigawo, ndipo musamapitirire gawo lachiwiri loyamba lisanalipidwe. Mukatero, tsiku lililonse limene angakuimitseni mudzakhala mukudandaula za gawo limodzi lokha.

## Chizindikiro chachisanu: sakuimitsa, akungosunthasuntha tsiku

"Tiyeni tipange sabata ya mawa." Sabata ya mawa ikafika, "mwezi ukatha". Kawirikawiri ndalama palibe, kapena anasintha kale maganizo koma akulephera kunena, kapena akudikira mmisiri wina, monga womanga kapena wamagetsi, kuti amalize mbali yake. Chomalizachi n'chosavuta kuchitsimikiza: pemphani nambala ya mmisiri winayo, mumve kwa iye mwini.

Kusuntha kamodzi n'kwa aliyense. Kachiwiri, muuzeni kuti tsiku simukulisunganso, ndipo akakonzeka adzalowe pamzere ngati wina aliyense. Muuzeninso kuti mtengo wa pa kotesheni uli ndi malire, mwachitsanzo masiku 30. Kotesheni yopanda malire amadzabwera nayo chaka chamawa, simenti itakwera kawiri, n'kumati, "Koma munalemba nokha."

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: akufuna dipoziti yake yonse

1. Simunagwirizane kuti dipoziti ndi ya chiyani. Inu mumaona ngati ndi malipiro osungira tsiku, iye amaona ngati anangokusungitsani ndalama. Popanda cholembedwa, aliyense ali ndi chilungamo chake.

2. Mukufuna kusunga zambiri kuposa zimene mwataya. Apa amisiri anzanga ambiri timalakwa. Kulemba kuti "dipoziti sibwezedwa" sikutanthauza kuti nthawi zonse mungadye yonse. Makhoti a m'mayiko ambiri amalola munthu kusunga ndalama yolingana ndi zimene watayadi, koma amakana chindapusa chopitirira muyeso chongofuna kulanga mnzako. Amayembekezeranso kuti wotayayo ayesetse kuchepetsa kutayako. Ngati munabweza zipangizo kusitolo ndipo tsiku lija munapeza ntchito ina, chimene mwataya n'chochepa, ndipo chotsalacho m'bwezereni.

3. Lamulo likumupatsa ufulu wosintha maganizo. Mayiko ena ali ndi masiku amene kasitomala amaloledwa kubweza mawu popanda kupereka chifukwa, makamaka ngati mgwirizano unachitikira kunyumba kwake, pa foni kapena pa intaneti. Ku United Kingdom, malamulo a 2013 otchedwa Consumer Contracts Regulations amapereka masiku 14, ndipo mayiko a European Union nawonso ali ndi masiku 14 omwewo. Kumeneko mmisiri akapanda kumuuza kasitomala za ufulu umenewu, nthawiyo imatha kutalika mpaka ndi miyezi 12, ndipo akhoza kulephera kulipiritsa ntchito imene wagwira kale. Kasitomala akapempha yekha kuti ntchito iyambe masiku 14 asanathe, kenako n'kuimitsa, amalipira gawo limene lagwiridwa. Katundu wopangidwa motsatira miyeso ya munthuyo, komanso ntchito yokonza mwachangu imene iye mwini wakuitanirani, sizilowa mu ufuluwu. Ku United States, lamulo la bungwe la boma loona za malonda lotchedwa Federal Trade Commission limapereka masiku atatu ogwira ntchito pa malonda ambiri ochitikira pakhomo pa wogula. Malamulo amenewa amasiyana dziko ndi dziko, choncho funsani ku ofesi yoona za ufulu wa ogula ya kumene mukugwirira ntchito musanalembe mfundo zanu.

Pokonza: tengani dipoziti, chotsanipo zipangizo zopangidwira iye yekha, zimene sitolo yadula pobweza katundu, thiransipoti ndi maola amene mwagwira kale, monga kukayeza ndi kujambula pulani. Mulembereni masamuwo, chotsalacho mubweze m'njira yosiya umboni, kaya kubanki, pa foni kapena pamanja koma asayine. Musachedwetse dala kuti amve kuwawa.

Mtsogolo, kumunsi kwa kotesheni iliyonse kukhale mawu ochepa omveka, monga awa: "Tsiku la ntchito lisungidwa dipoziti ikalipidwa. Mukaimitsa ntchito kutatsala maola opitirira 48, dipoziti ibwezedwa kuchotsapo zipangizo zimene zadulidwa kapena kupangidwira inu. Mukaimitsa kutatsala maola osakwana 48, tidzachotsaponso malipiro a tsiku limodzi ngati sitinapeze ntchito ina. Ife tikalephera kubwera popanda kukudziwitsani, muli ndi ufulu woimitsa ntchito n'kulandira dipoziti yanu yonse." Chiganizo chomalizacho musachichotse. Ndi chimene chimachititsa kasitomala kuvomera zinazo mosanyinyirika. Muwerengereni mokweza, ndipo ayankhe kuti wavomera.

## Chizindikiro chachisanu ndi chiwiri: zikuchitika pafupipafupi, kwa anthu osiyanasiyana

Kasitomala mmodzi akaimitsa, vuto likhoza kukhala lake. Akaimitsa anayi m'mwezi umodzi, yang'anani kwanu. Tengani kope, mulembe ntchito iliyonse yoimitsidwa: anakupezani bwanji, panapita masiku angati kuchokera pa kotesheni kufika pa tsiku la ntchito, panali dipoziti kapena ayi, ndipo ananena chifukwa chanji. Pakatha miyezi itatu kopelo lidzakuuzani lokha. Kawirikawiri mudzapeza chimodzi mwa izi:

1. Mumapereka tsiku popanda dipoziti.
2. Mumalonjeza tsiku lakutali kenako n'kukhala chete mpaka tsikulo. Munthu amene paipi yake ikudontha sangadikire masabata atatu osamva kanthu.
3. Inuyo mumachedwa kapena kusuntha masiku. Mmisiri amene amati "ndikubwera Lolemba" n'kufika Lachitatu waphunzitsa makasitomala ake kuti tsiku ndi mawu chabe.
4. Mtengo mumautchula mwachangu kuti mupeze ntchito, kenako n'kuukweza tsiku likayandikira.
5. Mumakakamiza munthu kuvomera pomwepo. Wovomera chifukwa cha manyazi amakakanira pa foni.

Sunganinso mayina a anthu a tintchito ting'onoting'ono amene ananena kuti mukhoza kubwera tsiku lililonse: wa chitseko chokhwepa, wa mpope wodontha, wa loko yovuta. Ntchito yaikulu ikaimitsidwa m'mawa, amenewa ndi amene amadzaza tsiku.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana katswiri

Siyani kukambirana nokha ngati zafika pa chimodzi mwa izi:

- Ngongole ndi yaikulu moti ikhoza kugwetsa bizinesi yanu, ndipo kasitomala wakana kulipira. Mulembereni kalata yomaliza yonena ndalama, chifukwa chake ndi tsiku lomaliza kulipira. Tsikulo likadutsa, onanani ndi loya kapena pitani kukhoti loona milandu ing'onoing'ono ya ngongole, kumene m'mayiko ambiri munthu amatha kudziimira yekha. Musazengereze, milandu ya ngongole ili ndi malire a zaka.
- Mwalandira kalata ya loya kapena samani. Musayankhe pa WhatsApp ndipo musaibise pansi pa matiresi. Pitani nayo kwa loya pamodzi ndi kotesheni, marisiti, zithunzi ndi mauthenga onse tsiku loyankhira lisanadutse.
- Akunena kuti ntchito yanu yaononga nyumba kapena yavulaza munthu. Musavomere kapena kukana mlandu pamalopo. Ngati muli ndi inshuwalansi, adziwitseni tsiku lomwelo. Pakufunika katswiri wosakondera, monga injiniya kapena woyendera zomangamanga, aone ntchitoyo wina asanaikhudze.
- Mwaimitsidwa pamalo oopsa amene simungathe kuwateteza nokha, monga khoma lonyamula denga lomwe lagumulidwa theka, gasi, kapena magetsi pamene inu si wamagetsi. Muchenjezeni mwini wake molemba ndipo paitanidwe munthu wa chiphaso cha ntchitoyo.
- Wakutsekerani zida, kapena pali kuopseza ndi kukankhana. Chokanipo, musathyole loko, kanenani kupolisi.
- Mukufuna kumulemba pa Facebook kuti anthu amudziwe. Funsani loya kaye. Kutchula munthu dzina n'kumunena kuti ndi wakuba kukhoza kukubweretserani mlandu woipitsa mbiri, wodula kuposa ngongole imene mukulondola.
- Munalemba kale invoisi (pepala loitanitsa malipiro) kapena kuwerengera msonkho pa ntchito imene yaimitsidwa. Musang'ambe tsambalo m'buku. Wowerengera ndalama akuonetseni momwe mungalembere ndalama yobwezedwa ndi dipoziti imene mwasunga, kuti mabuku anu adzagwirizane ndi zimene zinalowa ndi kutuluka kubanki.